Mmene Mungayerekezere Pumbwa ndi Changa Potsata Magulu Awo ndi Katetezedwe Kawo

Mphunzitsi wa ku Ulónguè, wophunzira wa ku Furancungo kapena membala wa komiti yoyang'anira zachilengedwe m'mudzi wina ku Chifunde akapatsidwa ntchito yoyerekeza mbalame ndi kanyama ka m'nkhalango, kawirikawiri amalemba zimene mwana aliyense amadziwa kale, zoti ina ili ndi nthenga pamene inzake ili ndi ubweya, ina imaikira mazira pamene inzake imayamwitsa, n'kulekera pomwepo. Zimenezi n'zoona, koma sizingathandize mudzi kusankha mitengo yoti isiyidwe pa nthawi yotsegula mphanje. Njira imene ndikufotokoza pano imafuna kope, cholembera, tochi yowala bwino, foni yolowa pa intaneti kwa mphindi zochepa, ndi masiku angapo oyenda m'tchire m'mamawa ndi usiku. Ndasankha pumbwa ndi changa chifukwa onse awiri timakhala nawo kuno ku chigawo cha Tete, komanso chifukwa akatswiri amawaika pa mlingo umodzi wa chiopsezo ngakhale kuti mitengo ikayamba kutha, zimene zimawagwera zimasiyana kwambiri.

Tsimikizani kaye kuti mukunena nyama iti

Dzina la pamudzi ndi poyambira pabwino, koma dzina limodzi limatha kuphimba mitundu ingapo, monga mmene mawu oti mpheta amanenera timbalame tambirimbiri tosiyana. Pumbwa savuta. Ndi mbalame yotalika masentimita pafupifupi 20, ya mutu wakuda wokhala ndi katsumba kakafupi, msana wotuwa moderako, mimba yoyererako, ndi nthenga zachikasu kunsi kwa mchira. Chikasu chimenechi ndicho chizindikiro chimene muyenera kuchiona ndi maso anu musanalembe dzina. Pumbwa amalawirira kuimba kusanache bwino, amaboola mapapaya ndi magwafa pakhomo, amathyola tsabola wakupsa, ndipo akaona njoka kapena mphaka amachita phokoso losalekeza limene mbalame zina zimathamangira.

Changa ndiye amafuna kusamala. Kuno tili ndi changa wamkulu, wolemera kilogalamu imodzi kapena kupitirirako, wa mchira wautali wa ubweya wambiri, amene usiku amalira ngati khanda. Tilinso ndi kamundi, wosakwana ngakhale kota ya kilogalamu, amene amadumpha ngati mpira kuchoka pa nthambi ina kufika pa ina. Chaka china ndinayenda ndi ophunzira usiku m'mphepete mwa mtsinje, ndipo tinalemba m'kope kuti taona ana a changa atatu. Mkulu wina wa m'mudzimo atamva mmene tinyamato tinkadumphira, anatiuza mwaulemu kuti tinaona akamundi akuluakulu ndithu, ndipo zonse zimene tinawerenga usiku umenewo zinayenera kukonzedwanso. Kuyambira pamenepo ndimalangiza aliyense kuyang'ana kayendedwe: changa amakonda kuyenda ndi kuthamanga pa nthambi ndi miyendo yonse inayi, pamene kamundi amaima chilili n'kujowa mtunda wautali.

Mukatsimikiza, lembani maina atatu pa nyama iliyonse: la Chichewa, la Chipwitikizi limene mudzalipeza m'malamulo ndi m'mabuku a sukulu, ndi la sayansi. Changa pa Chipwitikizi cha kuno ndi jagra, ndipo dzina lake la sayansi ndi Otolemur crassicaudatus, mtundu umene Étienne Geoffroy Saint-Hilaire anaufotokoza mu 1812. Kamundi ndi Galago moholi. Pumbwa wathu mabuku ena amamulemba Pycnonotus tricolor pomuyesa mtundu woima pawokha, ena amamuphatikiza ndi abale ake a kumpoto kwa Africa pansi pa dzina loti Pycnonotus barbatus. Lembani onse awiri, chifukwa mukasaka ndi limodzi lokha mukhoza kuganiza kuti mbalameyi sinalembedwe paliponse.

Imikani makwerero awiri moyandikana

Gawani tsamba la kope m'mizati itatu. Kumanzere lembani masitepe asanu ndi awiri monga amaphunzitsidwira m'sukulu za muno, kuyambira pamwamba: reino, filo, classe, ordem, família, género, espécie. Pakati ikani pumbwa, kumanja changa. Kachitidwe kopatsa nyama iliyonse dzina la mawu awiri kanakhazikika ndi ntchito ya Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo maina a nyama amene akugwira ntchito lero amawerengedwa kuyambira mu 1758. Mawu oyamba ali ngati mfunda, achiwiri ali ngati dzina la mwini wake, ndipo monga mmene a Phiri onse sali munthu mmodzi, a Pycnonotus onse sali mbalame imodzi.

Pa masitepe awiri oyamba pumbwa ndi changa amayendera limodzi, poti onse ndi Animalia ndiponso Chordata, gulu limene muli nyama zonse za fupa la msana. Amapatukana pa sitepe yachitatu, pomwe pumbwa amalowa mu Aves ndipo changa amalowa mu Mammalia. Jambulani mzere wokhuthala pamenepo. Akatswiri a zakale amawerengera kuti makolo a mbalame ndi makolo a nyama zoyamwitsa anasiyana njira zaka zoposa 300 miliyoni zapitazo, kotero kuti chilichonse chimene awiriwa akufanana pansi pa mzerewo, monga kukonda zipatso kapena kukhala m'mitengo, chimachokera ku kudya m'nkhalango imodzi, osati ku chibale chapafupi.

Sitepe ya ordem ndi imene ndikupemphani kuti muchedwepo, chifukwa apa ndi pamene maso amanamiza. Pumbwa ali mu Passeriformes, gulu limene lili ndi mitundu yoposa theka la mbalame zonse za pa dziko lapansi, zomwe zilipo mitundu pafupifupi 11,000. Chizindikiro cha gululi ndi phazi la zala zitatu zoloza kutsogolo ndi chimodzi choloza kumbuyo, chimene chimagwira nthambi molimba. Mkati mwa gululi muli mbalame zotchedwa zoimba, ndipo chimene chimaziika pamodzi ndi kapangidwe ka kachiwalo ka mawu kamene kali pamene kholingo limagawikana kulowa m'mapapo awiri. Kukoma kwa nyimbo sikuwerengedwa. N'chifukwa chake khwangwala, amene palibe munthu angamutame pa kuimba, ali m'gulu limodzi ndi pumbwa, namzeze ndi nthengu, pamene njiwa, imene kulira kwake kumatikhudza mtima, ili kunja kwa gululi.

Kwa changa msampha wake ndi gologolo. Onse amakhala m'mitengo, onse ali ndi mchira wa ubweya, ndipo ana ambiri amawayesa pachibale. Koma gologolo ali mu Rodentia pamodzi ndi khoswe, mbewa, nchenzi ndi nungu, nyama za mano akutsogolo omakula moyo wonse. Changa ali mu Primates pamodzi ndi pusi, nyani ndi ife anthu. Mukapeza mwayi woona chithunzi chabwino cha dzanja lake, mudzaona zikhadabo zafulati zonga zathu ndi zala zofumbata nthambi. Chala chachiwiri cha phazi ndicho chili ndi chikhadabo chosongoka chodzikandira. Mano ake akutsogolo a m'munsi anandandalikana ngati chipeso, ndipo amapesera ubweya ndi kupalira utomoni pa makungwa a mitengo monga mthethe. Mphuno yake ndi yonyowa ngati ya galu, ndipo zimenezi zimamuika pa nthambi ya Primates imene mulinso nyama za ku Madagascar zotchedwa lemur. Masitepe otsala ndi achidule: família ya pumbwa ndi Pycnonotidae, ya changa ndi Galagidae, ndipo género ndi espécie munalemba kale.

Pambali pa sitepe iliyonse lembani chiganizo chimodzi chonena zimene sitepeyo ikutanthauza pa moyo wa nyamayo, chifukwa ziganizo zimenezi ndizo zidzalumikiza magulu ndi katetezedwe. Pumbwa ali ndi mapiko, choncho angathe kuwoloka munda wa fodya wa mahekitala angapo osatera pansi. Amamanga kachisa konga kambale pa mphanda ya kamtengo kalikonse, amaikira mazira awiri kapena atatu, amafungatira kwa milungu iwiri, ndipo patapita milungu ina iwiri kapena kupitirira pang'ono ana amakhala atatuluka m'chisa. Changa amatenga bere kwa miyezi inayi ndi masiku angapo, amabereka kamodzi pa chaka, kawirikawiri ana awiri, ndipo amawayamwitsa ndi kuwanyamula kwa nthawi yaitali. Masana amafuna mphako kapena mtengo wa masamba owirira woti agonemo, ndipo usiku amafuna nthambi zokhudzana zoti ayendemo.

Werengani mlingo wa chiopsezo, koma musaimire pa zilembo ziwirizo

Bungwe la pa dziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN, limene linakhazikitsidwa mu 1948, limasunga mndandanda wa zamoyo ndi chiopsezo chake kuyambira mu 1964, ndipo mukhoza kuuona kwaulere pa intaneti polemba dzina la sayansi. Milingo yake imalembedwa ndi zilembo ziwiri. LC ndi mtundu wosadetsa nkhawa kwenikweni, NT ndi umene wayandikira chiopsezo, VU, EN ndi CR ndi milingo itatu ya chiopsezo chokulirakulira, EW ndi umene watsala m'manja mwa anthu okha, EX ndi umene watheratu, ndipo DD ndi umene umboni wake sunakwane. Njira imodzi imene amayezera ndi kuchepa kwa chiwerengero m'zaka 10 kapena m'mibadwo itatu ya nyamayo, potengera nthawi yotalikirapo: kuchepa ndi 30 pa 100 kumauika mtundu pa VU, ndi 50 pa EN, ndi 80 pa CR.

Mukasaka mudzapeza kuti pumbwa ali pa LC ndipo changa alinso pa LC. Lembani zimenezo, ndipo pambali pake lembani chaka chimene kuunikako kunachitika, chifukwa kuunika kopitirira zaka 10 kumayesedwa kofunika kubwereza. Kenako kumbukirani chimene zilembozo zikuyankha. Zikuyankha funso loti kodi mtundu wonse, m'maiko onse amene umapezeka, ungathe posachedwa. Changa amapezeka kuchokera kum'mawa kwa Africa mpaka ku South Africa, choncho akhoza kutha m'midzi yonse ya m'mbali mwa msewu wa ku Calómuè koma zilembo zake osasintha. Wolemba amene amaona LC kawiri n'kulemba kuti awiriwa ndi otetezeka mofanana walumpha ntchito yeniyeni.

Yang'ananinso abale awo, kuti muone kuti chibale sichilosera chiopsezo. Mu género ya pumbwa muli Pycnonotus zeylanicus wa kumwera chakum'mawa kwa Asia, amene anafika pa CR mu 2018 chifukwa chogwidwa n'kugulitsidwa m'zikwere kaamba ka nyimbo yake. Mu família ya changa muli kamundi wamng'ono wa m'nkhalango za Rondo ku Tanzania, amene ali pa chiopsezo cha kutha chifukwa nkhalango zake ndi zochepa ndi zodukaduka. Ngakhale pafupi ndi ife, m'nkhalango ya Dzalanyama pa malire athu ndi Malawi, muli mbalame yoimba yotchedwa Ploceus olivaceiceps imene ili pa NT, poti imadalira ndere zolendewera ngati ndevu pa mitengo yakale ya mombo ndi tsamba. Mukanasankha imeneyo m'malo mwa pumbwa, kuyerekeza kwanu kukanatembenuka, ndipo mbalame ndiyo ikanakhala yofooka kuposa changa pa mndandanda.

Onani zimene malamulo akunena

Apa awiriwa amasiyana poyera. Pangano la CITES, limene linasainidwa ku Washington mu 1973 ndipo dziko la Mozambique linalowamo mu 1981, limayang'anira malonda a zamoyo zodutsa malire. Nyama zonse za mu Primates zili pa mndandanda woyamba kapena wachiwiri wa panganoli, ndipo changa ali pa wachiwiri, kutanthauza kuti kumutulutsa m'dziko kumafuna chilolezo. Pumbwa wathu sali pa mindandanda imeneyi. Muno m'dziko, Decreto 12/2002 inaika ajagra pa mndandanda wa nyama zoletsedwa kusaka, ndipo lamulo la katetezedwe ka zachilengedwe, Lei 16/2014 limene linakonzedwanso ndi Lei 5/2017, limaika chilango cha zaka 12 mpaka 16 m'ndende kwa wopha popanda chilolezo nyama zotetezedwa, kuphatikizapo za pa mindandanda iwiri ija. Mnyamata wogwira changa kuti akamugulitse m'tauni kawirikawiri sadziwa kulemera kwa mlandu umenewu, ndipo ndi bwino kuti amve kwa aphunzitsi ake asanamve kwa apolisi.

Lembaninso malo otetezedwa a m'chigawo chathu. Paki ya Mágoè, kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, inakhazikitsidwa mu 2013 ndipo ili m'manja mwa ANAC, nthambi ya boma yoyang'anira malo otetezedwa. Ntchito ya Tchuma Tchato, imene dzina lake tonse timalimva kuti chuma chathu, inayamba m'zaka za m'ma 1990 pofuna kuti midzi izipindula ndi nyama za m'dera lake. Nkhalango za ku Furancungo zinazindikiridwa ndi bungwe loteteza mbalame la BirdLife International ngati malo ofunika pa mbalame. Komabe achanga ndi apumbwa ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga sakhala m'paki; amakhala m'minda, m'madambo, m'mapiri ndi m'manda, pa nthaka imene mafumu ndi mabanja ndiwo amailamula.

Pitani kutchire mukadzionere

Gawo ili ndilo limapatsa kuyerekeza kwanu mtengo wake. Sankhani malo atatu osiyana pafupi ndi mudzi: pakhomo pamene pali mango, mapapaya ndi mabulosi, munda kapena tsala pamene mitengo ikuluikulu inadulidwa kuti ipange makala kapena milimo ya zigafa, ndi msitu wa mitengo yakale, monga wa m'mphepete mwa mtsinje kapena wa ku manda. Za ku manda pemphani kaye kwa amfumu, ndipo akakana kapena ngati pali dambwe, imani kunja n'kumvetsera muli patali, poti makutu amakwanira pa ntchito imeneyi.

Pumbwa muwerengeni dzuwa likutuluka. Imani malo amodzi kwa mphindi 10, lembani aliyense amene mwamuona kapena kumumva, kenako sunthani mamita osachepera 200 kuti musawerenge mbalame imodzi kawiri. Changa muwerengeni kuyambira mdima utangogwa, mukuyenda pang'onopang'ono mtunda wa kilomita imodzi, anthu osapitirira atatu ndipo opanda galu. Gwirani tochi pafupi ndi maso anu, m'mbali mwa mutu, chifukwa kuwala kobwerera kuchokera m'maso mwa changa kumabwerera njira imene kunadzera. Mukagwira tochi m'chiuno mudzadutsa pansi pake osamuona. Mudzaona timoto tiwiri tofiirira pakati pa masamba, tikuzima ndi kuyakanso pamene akutembenuza mutu, ndipo mukakhala chete mudzaona makutu ake aakulu akupindika ndi kutambasuka limodzi ndi limodzi. Musamuunike nthawi yaitali. Lembani mtengo umene ali, kaya ndi mkuyu, msuku kapena mthethe, ndi ngati nthambi zake zikukhudzana ndi mtengo wina. Bwerezani katatu pa malo alionse, ndipo nyengo ya masuku ndi yabwino chifukwa onse awiri amakhamukira ku zipatso.

Pambuyo pake khalani pansi ndi akuluakulu a m'mudzi, amuna ndi amayi omwe, ndipo muwafunse mafunso a malo ndi nthawi, monga akuti, "Agogo, kodi changa munamumva komaliza kuti, ndipo inali nthawi ya amfumu ati?" Funso loti kodi achanga achepa limabweretsa yankho loti inde basi, pamene funso la malo limabweretsa dzina la mkuyu umene unagwetsedwa ndi chaka chimene kulirako kunaleka. Mverani mwaulemu ngakhale zimene ena amakhulupirira zoti kulira kwa changa pafupi ndi nyumba ndi malodza, ndiponso madandaulo oti amaba mazira ndi anapiye, chifukwa zimenezi zimachititsa kuti aphedwe ndipo ziyenera kulowa m'kope ngati ziopsezo zenizeni, pamodzi ndi agalu, moto wolusa wa m'chilimwe ndi kudula mitengo ya mphako pofuna uchi. Kumbali ya pumbwa lembani legeni, ulimbo ndi kufwamba zisa.

Lembani chigamulo chanu

Tsopano ikani zinthu zinayi pamodzi pa nyama iliyonse: malo ake pa makwerero, mlingo wa IUCN ndi chaka chake, zimene malamulo akunena, ndi zimene mwaona ndi kumva. Funsani funso limodzi pa onse awiri: kodi mitengo ikuluikulu ya pamalo pano itachotsedwa theka, ndani angatsale? Chiyembekezo changa, potengera mmene awiriwa amakhalira, n'chakuti pumbwa mudzamupeza m'malo onse atatu, mwinanso wochuluka pakhomo kuposa mu msitu, pamene changa mudzamumva makamaka kumene mitengo ikadali yogwirana. Pumbwa akataya chisa chimodzi amamanga china nyengo yomweyo, koma changa wamkazi mmodzi akagwidwa ndi agalu pamene akuwoloka munda wapansi, ana a chaka chonsecho atayika. Ngati ziwerengero zanu zatuluka mosiyana ndi zimenezi, lembani zimene mwapeza osazikonza kuti zigwirizane ndi zanga, ndipo fufuzani chifukwa chake.

Musaiwale kulemba chimene awiriwa amagwirira ntchito limodzi. Onse amameza zipatso n'kukataya nthanga kutali ndi mtengo wake, pumbwa masana ndi changa usiku, ndipo mitengo yambiri ya zipatso za m'tchire imene imamera yokha m'matsala inafesedwa motero. Malangizo anu akhale a malo odziwika ndi dzina: mzere wa mitengo wa m'mbali mwa mtsinje wakuti usadulidwe, mikuyu iwiri yolumikiza manda ndi phiri isiyidwe, mitengo ya mphako isagwetsedwe pofula uchi, agalu amangidwe usiku m'nyumba zoyandikana ndi msitu, ndipo moto wa kumayambiriro kwa chilimwe udzu usanaumitsitse ulowe m'malo mwa moto wa mu Okutobala. Perekani tsamba limodzi kwa amfumu ndi komiti ya mudzi, lina ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi ntchito zachuma m'boma lanu, ndipo zithunzi kapena mawu amene mwajambula pa foni muwaike pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa zamoyo zimene anthu aona, pamodzi ndi tsiku ndi malo ake, poti zolembedwa za nyama zing'onozing'ono za kumpoto kwa Tete n'zofunika kwa amene amaunika milingo ija. Kope lenilenilo lisungeni pouma, ndipo chaka chamawa mwezi womwewo mukaimenso pa malo omwewo, nthawi yomweyo, ndi tochi ya mphamvu yofanana.